Ofunafuna Zobisika ndi GPS M'mabusa Opanda Mpanda a ku America

Kumadzulo kwa dziko la United States kuli madera aakulu kumene ng'ombe zimadya zokha kwa miyezi, popanda m'busa wozitsata ndiponso popanda khola lobwererako madzulo. Mwini ng'ombe angathe kutha mlungu wathunthu osaziona. Kuyambira m'caka ca 2000, kumadera omwewo kwakhala kukufika alendo a mtundu wina: anthu a m'matauni onyamula foni kapena kacipangizo ka GPS m'manja, ofunafuna timabokosi timene anzawo anabisa pansi pa miyala ndi m'zitsamba. Masewera amenewa amachedwa geocaching.

GPS imamuuza munthu pamene pali cinthu, koma simuuza mwini malowo, kapena nchito imene geti, thanki ya madzi ndi udzu wouma zikugwira pamalopo. Kumene kulibe m'busa, zinthu zocepa zimenezi ndizo zimaweta ng'ombe, ndipo mlendo wosazidziwa angawononge m'mphindi zisanu zimene woweta wakonza kwa caka cathunthu. Kwa ife ophunzira za ziweto, kuona zimene mlendo angawononge ndi njira yabwino yomvetsera mmene ulimi wa mtundu umenewu umayendera.

Ciyambi ca masewerawa

GPS ndi dongosolo la masetilaiti a boma la United States, limene poyamba linapangidwira asilikali. Masetilaiti osacepera 24 amazungulira dziko lapansi pa mtunda wa makilomita 20,200 kumwamba, ndipo setilaiti iliyonse imazungulira kawiri pa tsiku. Iliyonse imaulutsa uthenga wonena nthawi ndi pamene ili. Kacipangizo ka pansi pano kamayeza nthawi imene uthengawo watenga kuti ufike, ndipo kakamva masetilaiti anayi kapena kuposerapo, kamawerengetsa malo amene kali. Uthengawo umayenda makilomita 300,000 pa sekondi imodzi, motero kuphonya nthawi ndi kagawo kamodzi pa magawo miliyoni a sekondi kumasoceretsa munthu ndi mamita 300.

Kwa zaka zambiri bomalo linali kusokoneza dala uthenga wopita kwa anthu wamba, kotero kuti kacipangizo kanali kuphonya ndi mamita okwana 100. Pa 1 May 2000 Pulezidenti Bill Clinton analengeza kuti kusokonezako kwatha, ndipo pofika m'mawa wa pa 2 May zipangizo za anthu wamba zinali kulondola malo kuwirikiza pafupifupi kakhumi. Tsiku lotsatira, pa 3 May, katswiri wina wa makompyuta dzina lake Dave Ulmer anafuna kuyesa kulondola kumeneku. Anatenga ndowa yakuda, naikamo mabuku, matepi a vidiyo, legeni, citini ca nyemba ndi kabuku kolembamo maina, naibisa m'chire pafupi ndi Beavercreek m'cigawo ca Oregon. Kenaka analemba manambala a malowo pa intaneti, nauza aliyense woipeza kuti atengemo kanthu ndi kusiyamo kanthu. Pasanathe masiku atatu, anthu awiri anali ataipeza.

Dzina lakuti geocaching analipereka ndi Matt Stum kumapeto kwa mwezi womwewo. Mbali yoyamba ya dzinali imatanthauza dziko lapansi, ndipo yaciwiri ndi liwu limene alenje akale a ku America anali kuchulira dzenje lobisamo cakudya ndi katundu kuti adzazipeze pobwerera. Mu September 2000 Jeremy Irish wa ku Seattle anatsegula tsamba la Geocaching.com, lili ndi malo obisika 75 okha. Lero malowo apitirira 3 miliyoni, m'maiko oposa 190.

Mmene amasewerera

Wobisa amasankha malo, amaikapo kabokosi kosalowa madzi, nalemba manambala ake patsambalo. Mabokosi ena ndi acitsulo, amene asilikali anali kusungiramo zipolopolo, ndipo ena ndi aang'ono ngati cala. Wofunafuna amalowetsa manambalawo m'foni nayamba kulondola muvi. Pamalo poyera, popanda mitengo kapena zipupa za miyala, foni imamufikitsa pa mamita asanu kapena kucepera apo, ndipo kucokera pamenepo maso ndi manja ndiwo amagwira nchito. Akalipeza bokosi amalemba dzina lake m'kabuku, amalibwezera pamalo pomwepo, nakalemba patsamba kuti walipeza.

Masewerawa ali ndi malamulo ake. Bokosi silikwiriridwa pansi, ndipo wobisa saloledwa kukumba. Mulibe kuikamo cakudya, zida kapena mankhwala. Mabokosi awiri ayenera kutalikirana mamita osacepera 161. Lamulo lalikulu pa onse ndi lakuti wobisa akhale ndi cilolezo ca mwini malo kapena ca woyang'anira malowo. M'tauni lamuloli ndi losavuta, pakuti malire amaoneka. M'mabusa a kumadzulo munthu angayende makilomita 30 osaona nyumba kapena cikwangwani, n'kuganiza kuti dzikolo lilibe mwini.

Dziko limene mlimi ndiye amanga mpanda

Kwathu kuno ng'ombe ikalowa m'munda wa cimanga, mlandu umagwera mwini ng'ombe, ndipo amakalipira pabwalo la amfumu. M'madera ambiri a zigawo monga Nevada, Idaho, Wyoming, Montana ndi Arizona lamulo ndi lotembenuka. Madera amenewa amachedwa open range, kutanthauza busa lotseguka. Kumeneko ng'ombe ili ndi ufulu woyenda, ndipo wosafuna kuti ilowe m'munda mwake ndiye ayenera kumanga mpanda wokwanira. Ngakhale pamsewu ng'ombe ili ndi mbali yake: ku Nevada ndi ku Idaho, motoka ikagunda ng'ombe pamsewu wodutsa m'busa lotseguka, lamulo silimuimba mlandu mwini ng'ombe kaamba kakuti inali pamsewu.

Lamuloli linabadwa m'zaka za m'ma 1800. Nkhondo yapaciweniweni itatha mu 1865, oweta a ku Texas anayamba kukusa ng'ombe zikwizikwi kupita nazo kumpoto, ku masiteshoni a sitima monga Abilene ku Kansas, ndipo pambuyo pake ku zigwa za Wyoming ndi Montana. Mitengo yomangira mipanda kunalibe, conco ng'ombe za anthu osiyanasiyana zinali kudyera pamodzi, zikumadziwika ndi cizindikiro coocha pacikopa. Mu 1874 Joseph Glidden wa ku Illinois analembetsa kuboma mtundu wa waya waminga umene unafala dziko lonse, ndipo mipanda inayamba kudula zigwazo. Ng'ombe zinaculuka kuposa msipu, ndipo cisanu coopsa ca 1886 mpaka 1887 cinapha ng'ombe mazana a zikwi, zimene zinalowa m'nyengoyo zili zoonda kale.

Kuwonongeka kwa msipu kunapitirira mpaka mu 1934, pamene boma linakhazikitsa lamulo la Taylor Grazing Act loyang'anira kudyetsa ziweto pa malo a boma. Mu 1946 linapanga bungwe la Bureau of Land Management, limene anthu amangolichula kuti BLM. Bungweli limayang'anira mahekitala pafupifupi 99 miliyoni, ndipo pa mahekitala pafupifupi 63 miliyoni mwa amenewo pamadya ziweto. Kuti muone kukula kwake, kumbukirani kuti dziko lonse la Zambia ndi mahekitala 75 miliyoni. Zilolezo zodyetsera zilipo pafupifupi 18,000, ndipo zambiri zimakhala za zaka 10. Cilolezo cimanena ciwerengero ca ng'ombe, dera lodyetsera, tsiku lolowa ndi tsiku lotuluka. Malipiro amawerengedwa pa ng'ombe imodzi ndi thole lake pa mwezi, ndipo mu 2024 anali madola 1.35, mtengo wotsika kwambiri umene lamulo la mu 1986 limalola.

Malo a BLM ndi a anthu onse. Mlenje, woyenda ulendo wapansi ndi wosewera geocaching ali ndi ufulu wolowamo, ndipo bungwelo limalola masewerawa pa malo ake ambiri. Koma ng'ombe zimene zili mmenemo, ndiponso nchito yosamalira mipanda, mapaipi ndi mathanki, zili m'manja mwa woweta. Onse awiri ali pamalopo mwalamulo; wotaya cuma zinthu zikalakwika ndi mmodzi yekha.

Msewu wa mabokosi cikwi

Citsanzo codziwika bwino cili ku Nevada, cigawo couma kuposa zigawo zonse za dzikolo, kumene mvula ya caka conse imangokwana mamilimita pafupifupi 250, ndipo pafupifupi mahekitala 80 pa 100 alionse ali m'manja mwa boma lalikulu. Kumeneko kuli msewu wa State Route 375, wotalika makilomita 158, umene mu 1996 unapatsidwa dzina lakuti Extraterrestrial Highway cifukwa ca mphekesera za zinthu zacilendo zouluka pafupi ndi malo a asilikali a Area 51. Mudzi umene uli pamsewuwo ndi Rachel, wa anthu makumi ocepa cabe. Msewuwo umadutsa m'busa lotseguka, ndipo ng'ombe zimaudutsa ndi kugonapo mmene zifunira.

Mu 2010 osewera ena anaika mabokosi oposa 1,000 mondondozana m'mbali mwa msewuwo, motalikirana pang'ono kuposa mamita 161 aja. Anthu anayamba kubwera kucokera kutali, ena kumaiko akunja, kudzayesa kupeza mazana ambiri pa tsiku limodzi. Zimenezi zinatanthauza motoka yoima ndi kunyamuka mphindi iliyonse pamsewu wothamangapo kwambiri. Mu 2011 a dipatimenti ya misewu ya Nevada anadandaula za ngozi, ndipo mabokosiwo anacotsedwa pa tsamba. Eni malo odyera ndi ogona a m'deralo, amene anali atayamba kupeza makasitomala, anamva kuwawa. Atakambirana, mabokosi anabwezeredwa caka comweco, oikidwa mwanjira yoti motoka izitha kupatuka pamsewu. Nkhani imeneyi inasonyeza kuti masewerawa angabweretse ndalama kumalo akutali, ndiponso kuti amakhalitsa pokhapo osewera akamvana ndi ogwiritsa nchito malowo tsiku ndi tsiku.

Geti

Busa lotseguka silitanthauza kuti mipanda kulibiretu. Ilipo, koma ndi yotalikirana, yogawa dziko m'zigawo za mahekitala zikwi zambiri. Pamene msewu waukulu udutsa mpanda amakumba dzenje nayalapo mapaipi acitsulo motalikirana, kuti motoka idutse koma ng'ombe iope kupondapo. Panjira zing'onozing'ono pamakhala geti la waya, lija la nthambo zinayi zomangidwa ku kamtengo kokoleka m'zingwe ziwiri zawaya, pansi ndi pamwamba. Alimi tonse timalidziwa kulimba kwake potseka. Mlendo wa m'tauni akalitsegula nthawi zina amalephera kulikoka, n'kulisiya pansi poganiza kuti abwerera posacedwa.

Lamulo la kumeneko ndi lakuti geti ulisiye mmene walipezera, ndipo mbali zonse ziwiri za lamuloli zili ndi cifukwa. Geti lotseka likasiyidwa lotsegula, nkhunzi zingalowe kwa misoti imene isanafike msinkhu wokweredwa, ndipo pakapita miyezi isanu ndi inayi misotiyo imavutika pobereka, ina n'kufa. Ng'ombe zingasakanikirane ndi za mnansi, ndipo kuzipatula kumafuna amuna angapo pa akavalo kwa masiku. Zingalowenso m'dera limene likupumula caka cimeneco, ndipo a BLM angamulipiritse woweta cifukwa codyetsa pamalo osaloledwa, ngakhale kuti getilo sanatsegule ndi iye.

Mbali inayo ndi yoopsa koposa. Mlendo waulemu akapeza geti lotsegula angaganize kuti wina analiiwala, n'kulitseka. Koma kawirikawiri woweta amalisiya dala kuti ng'ombe zizidutsa popita kumadzi. Likatsekedwa m'nyengo yotentha, ng'ombe zimaunjikana pampanda zikununkhiza madzi amene sizingafikeko, ndipo pakutha masiku ocepa zimayamba kufa. Mwini wake, amene amayendera derali mwina kamodzi pa mlungu, amadzapeza mitembo.

Madzi

M'dziko louma cotero ng'ombe imodzi imafuna mahekitala makumi angapo kuti ikhute caka conse, koma siingapite kutali ndi madzi. Pacigwa imadya mkati mwa makilomita atatu kucokera pomwera, ndipo pamapiri imacepetsa mtundawo ndi theka. Ng'ombe yoyamwitsa imamwa malita 60 kapena kuposerapo pa tsiku lotentha. Motero woweta amaweta ndi madzi: akatsegula thanki ya kumpoto n'kutseka ya kum'mwera, gulu lonse limasamuka lokha. Mcere wonyambita amauika kutali ndi madzi kuti ng'ombe zikadyeko udzu umene zikanausiya.

Kwa wobisa bokosi, pomwera ndi malo okopa. M'cigwa copanda kanthu, pampu yoyendera mphepo, thanki yakale ndi mitengo iwiri ya mthunzi ndizo zokha zooneka. Koma ng'ombe za m'busa lotseguka sizinazolowere munthu woyenda pansi. Zimadziwa munthu wa pakavalo ndi motoka ya mwini wake. Zikapeza anthu acilendo pomwera zimaima patali kudikira, ndipo zamantha zimabwerera osamwa. Nyama za m'chire zimacita cimodzimodzi. Ici n'cifukwa cake lamulo la ku Arizona limaletsa kumanga msasa mkati mwa mamita 400 kucokera pomwera ngati kutero kutsekereza ziweto kapena nyama kumadzi okhawo amene alipo. Vuto lina ndi la manja ofufuza. Wofunafuna bokosi amapisa dzanja paliponse, amatukula zivindikiro ndi kusuntha miyala. Akakhudza kampira koyandama kamene kamatseka madzi comwera cikadzala, thanki yosunga madzi a mlungu wathunthu ingathere pansi usiku umodzi.

Zimene ng'ombe imameza

Ng'ombe ndi nyama yacidwi. Ikaona cinthu catsopano imacinunkhiza, imacinyambita, n'kucigubuduza ndi mphuno. Imadyanso mosasankha: imakulunga udzu ndi lilime n'kumeza isanatafune bwino, ndipo timinga ta palilime pake timaloza kumbuyo, kotero kuti colowa m'kamwa sicituluka msanga. Bokosi lapulasitiki likaphwanyidwa ndi ziboda, zonse za mkati zimamwazika pa udzu: ndalama zacitsulo, tizidole, mapini, timatumba tapulasitiki.

Citsulo comezedwa cimagwera m'cifu caciwiri, cija cokhala ndi timaenje ngati cisa ca njuci. Cifu cimeneci cili pafupi kwambiri ndi mtima, ndipo pakati pake pali mnofu wopumira wokha. Cifuco cikamafinya, kawaya kapena msomali umaboola khoma lake, ndipo nthawi zina umafika pathumba la mtima. Ng'ombe imaleka kudya, imapinda msana, imabuula poyenda, mkaka umatsika. Oweta ambiri amameza ng'ombe zawo maginito aatali ngati cala, amene amakhala m'cifumo moyo wonse akugwira zitsulo zisanabaye. Koma maginito sagwira pulasitiki, zingwe za nailoni kapena aluminiyamu. Mapulasitiki amaunjikana m'cifu cacikulu n'kupanga cibuma cimene cimatseka njira ya cakudya, ndipo ng'ombe imaonda pang'onopang'ono ngakhale msipu ulipo. Woweta amene ng'ombe zake zili kutali amazindikira mocedwa.

Pa cifukwa cimeneci bokosi loyenera kumabusa ndi lacitsulo, lotseka ndi coko colimba, lopanikizidwa pakati pa miyala imene ng'ombe singaisunthe. Lamulo loletsa cakudya limakhudzanso zinthu zonunkhira monga sopo ndi maswiti, zimene zimaitana ng'ombe ndi nyama zolusa zomwe. Pano osewera athandizanso. Kuyambira mu 2002 ali ndi mwambo wotola zinyalala pamene akufunafuna, umene amaucha Cache In Trash Out. Kacidutswa ka waya, cingwe comangira udzu kapena batire yakale ya motoka zikacoka m'busa, ng'ombe yapulumuka. Mtovu wa m'mabatire otayidwa ndiwo umapha ng'ombe zambiri mwa zimene zimafa ndi poizoni wa mtovu, pakuti mathole amakonda kuunyambita.

Pafupi ndi gulu la ng'ombe

Pulofesa Temple Grandin wa pa Colorado State University waphunzitsa oweta ambiri kuti ng'ombe iliyonse ili ndi bwalo lake loizungulira, limene munthu akalowamo imasuntha. Ng'ombe yamkaka yozolowera anthu bwalo lake ndi laling'ono, mwina kulibe. Ya m'busa lotseguka ingayambe kuthawa munthu akali pa mamita makumi ambiri. Maso ake amaona pafupifupi mbali zonse kupatula kumbuyo kwenikweni, conco woifikira mwakacetecete cakumbuyo ndiye amaidzidzimutsa kwambiri. Wosewera woyenda maso ali pafoni, akulondola muvi molunjika, angalowe pakati pa gulu osazindikira.

Nyengo yoopsa ndi ya kubereka, imene m'madera ambiri imakhala kuyambira February mpaka April. Ng'ombe imabisa thole lake m'zitsamba n'kupita kukadya capafupi. Munthu akadutsa pakati pa ziwirizi, mayiyo amabwera mutu uli pansi. Galu amawonjezera ngozi, pakuti ng'ombe imamuona ngati nkhandwe za kumeneko zimene zimagwira mathole. Imamuthamangitsa, ndipo galuyo amathawira kwa mbuye wake. Gulu likabalalitsidwa, mathole ena amasiyana ndi amayi awo ndipo osapezedwa msanga amafa ndi njala. Motoka nayo imasokoneza mwanjira ina: ng'ombe zozolowera kulandira cakudya coonjezera zimaithamangira n'kuitsatira, kucoka kumene mwini wake anafuna kuti zikhale.

Usiku ngozi imasamukira pamsewu. Ng'ombe zambiri za kumeneko ndi za mtundu wa Angus, zakuda bii, ndipo zimakonda kugona patara pamene pasunga kutentha kwa dzuwa. Ng'ombe yaikulu imalemera makilogalamu 500 kapena kuposerapo. Osewera ofuna kukwanitsa mabokosi mazana ambiri amayenda mpaka mdima ali otopa, cipatala cili pa mtunda wa maola, foni yosagwira.

Moto ndi mbewu za udzu

Muvi wa GPS umaloza molunjika, ndipo woyendetsa amakopeka kusiya njira kuti afike pafupi ndi bokosi. Pansi pa motoka pali paipi yotulutsa utsi imene imatentha madigiri mazana angapo. Ikaima pa udzu wouma, moto ungayambe mwini wake ali kutali kufunafuna. Kumadzulo kwa America ngozi imeneyi yakula cifukwa ca udzu wina wocokera ku Ulaya ndi Asia, wochedwa cheatgrass, umene unalowa kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Umamera msanga, umauma msanga, n'kudzaza mipata ya pakati pa zitsamba ndi zinthu zoyaka ngati pepala. Malo amene kale anali kupsa kamodzi pa zaka makumi angapo tsopano amapsa zaka 10 zisanathe, ndipo moto ukadutsa, udzu womwewo ndiwo umayamba kumera. Mbewu zake zimakakamira ku masokosi, ku ubweya wa galu ndi ku matayala, motero woyenda kucokera pa bokosi lina kupita pa lina amazifesa osadziwa.

Kukula kwa ngoziyi kunaoneka mu July 2018, pamene moto wochedwa Martin Fire, woyambitsidwa ndi anthu, unapsereza mahekitala oposa 170,000 kumpoto kwa Nevada, n'kupha ng'ombe ndi kuwononga mipanda. Motowo sunakhudzane ndi masewerawa, koma umasonyeza cimene woweta amaopa akaona motoka yacilendo itaima pa udzu mu July. Ndiponso moto ukazima vuto silinathe, pakuti kawirikawiri a BLM amatseka malo opsa kwa nyengo ziwiri za kumera kwa udzu. Pa nthawi yonseyo woweta ayenera kugula udzu, kubwereka busa kwina kapena kugulitsa ng'ombe zake.

Malire osaoneka ndi maso

Si malo onse opanda mpanda amene ali a boma. M'zaka za m'ma 1860 boma linapatsa makampani omanga njanji malo m'mbali mwa njanjizo, kuwadula m'mabwalo a mahekitala 259, limodzi la kampani, lotsatira la boma, ngati bolodi la drafuti. Kum'mwera kwa Wyoming, m'mbali mwa njanji ya Union Pacific, dongosolo limeneli limafika makilomita 32 mbali iliyonse, ndipo mabwalo ambiri a kampani tsopano ndi a mafamu. Munthu angacoke pa malo a boma kulowa pa malo a mwini popanda kusintha kulikonse kwa udzu. Mu 2021 alenje anayi a ku Missouri anagwiritsa nchito makwerero kudumpha pa ngodya pamene mabwalo awiri a boma akhudzana, osaponda malo a famu ya Elk Mountain. Mwini famuyo anawasumira, ndipo mu March 2025 khoti la apilo la ku Denver linagamula kuti sanalakwe. Mlandu wa zaka zinayi unabuka pa kadera kocepa kuposa phazi la munthu.

Zigawo zina zili ndi zizindikiro zimene mlendo ayenera kuziphunzira. Ku Montana penti wa olenji pa nsanamira ya geti amatanthauza kuti kulowa n'koletsedwa. Ku Texas penti wake ndi wapepo. Kumbukiraninso kuti kuba ng'ombe kukalipo kumeneko. Motoka yacilendo yoima pafupi ndi khola lokwezera ng'ombe m'malole, anthu akusuzumira m'mipanda ndi kujambula zithunzi, imaoneka ngati ya akazitape a mbava. Akulu anati safunsa anadya phula. Wobisa amene wapita kaye kwa mwini famu kapena ku ofesi ya BLM ya m'deralo amauzidwa njira yoyenera, miyezi ya kubereka ndi malo oyenera kupewa, ndipo zimenezi amazilemba patsamba la bokosi lake kuti obwera pambuyo aziwerenge asananyamuke.

GPS pakhosi pa ng'ombe

Masetilaiti omwe anabweretsa alendowa ayamba kugwiranso nchito ya woweta. Makampani monga Nofence ya ku Norway, Halter ya ku New Zealand ndi Vence ya ku America amapanga makolala a GPS ovekedwa pakhosi pa ng'ombe. Woweta amajambula malire pa foni kapena pa kompyuta. Ng'ombe ikayandikira malirewo kolala imalira, ndipo ikapitirira imamva kugwedeza pang'ono kwa magetsi. Pakapita masiku ocepa imaphunzira kubwerera ikangomva kulira. Mwanjira imeneyi woweta angateteze magombe a mtsinje kapena malo opsa popanda kukhoma nsanamira, ndipo amadziwa pamene ng'ombe iliyonse ili. Gulu likaunjikana pampanda kutali ndi madzi, amaona pafoni tsiku lomwelo.

Makolalawa ndi odula, ndipo ng'ombe zambiri za m'busa lotseguka zikuyendabe popanda iwo. Zimadalirabe geti lokhala mmene mwini wake analisiyira, comwera codzala ndi copanda cosokoneza, udzu wosapsa ndi busa lopanda zitsulo. Wosewera wodziwa zimenezi amakhala maso ena a woweta m'dziko losowa anthu. Akaona thanki youma, waya woduka kapena ng'ombe yokodwa mumpanda, ali ndi cinthu cimene mlendo wakale analibe: angapereke manambala a malowo kwa mwini famu, ku ofesi ya BLM kapena kwa apolisi a m'deralo, ndipo wopita kukathandiza amafika pomwepo popanda kutaya tsiku akufunafuna.